Walira mvula walira matope: zaulere alipire ndani?

Ku America kuli mkulu wina wa imvi mbuu, a Bernie Sanders, phungu wa nyumba ya Senate wochokera ku Vermont. Kawiri konse, mu 2016 ndi mu 2020, mkuluyu adapikisana nawo pa chisankho cha chipulula chofuna munthu woimira chipani cha Democratic pa mpando wa pulezidenti. Kawiri konseko adagwa nayo, koyamba kwa mayi Hillary Clinton, kachiwiri kwa a Joe Biden. Chomwe chidawatchukitsa n'choti adanena poyera kuti iwo ndi a sosholizimu ya demokalase, mawu omwe anthu ambiri kumeneko amawaopa ngati njoka.

Mfundo zawo zidali zotani? Munthu aliyense azilandira chithandizo cha kuchipatala boma n'kumalipira. Makoleji a boma asamalipiritse fizi. Wantchito asamalandire ndalama zochepera madola 15 pa ola. Mpondamatiki azikhoma msonkho wokwera. Ukamamva zimenezi uli kuno ku Chitala umayamba waseka kaye, poti chipatala chaulere chomwe mkuluyu wachitherapo mawu ife tili nacho kale pa Salima pompa, ndipo zotsalazo timazimva pa msonkhano wa chipani chilichonse nyengo ya kampeni ikakwana. Kunena zoona, andale athu onse amasanduka a sosholizimu akangokwera pa nsanja, kungoti dzinalo salitchula.

Koma pali kusiyana kumodzi komwe kwandichititsa kugwira cholembera. A Sanders adazunguzika ndi mafunso kwa miyezi yambirimbiri chipani chawo chisanasankhe munthu. Anzawo opikisana nawo, atolankhani ndi anthu wamba ankawafunsa funso limodzi lomwelo: ndalama zake muzitenga kuti? Mu 2019 adavomera pa wailesi ya kanema kuti inde, ngakhale anthu opeza pakatikati msonkho wawo udzakwera, koma sadzalipiranso inshuwalansi ya chipatala. Ena adakhutira, ena adakana, ndipo adaluza anthu akudziwa bwino lomwe chimene akukana. Kodi abale anzanga, ndi liti pamene munthu wofuna kutsogolera chipani kuno kwathu adaimikidwa pabwalo kuti alongosole masamu a malonjezo ake?

Sosholizimu ya demokalase ili ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndi woti zinthu zomwe munthu sangakhale popanda izo, monga sukulu, chipatala ndi chakudya, tizisonkherana tonse kudzera m'misonkho, wolemera apereke zambiri, wosauka apereke zochepa. Mwendo wachiwiri ndi woti osonkhawo akhale ndi mphamvu yofunsa, yoona mabuku ndi yochotsa pampando woononga. Ukadula mwendo umodzi chinthucho chimatsimphina.

M'nthawi ya a Kamuzu Banda mawu oti sosholizimu adali mlandu. A Attati Mpakati, omwe ankatsogolera gulu la LESOMA ali kunja kwa dziko, bomba la m'kalata lidawavulaza manja ku Maputo mu 1979, ndipo mu 1983 adawapeza atafa ku Harare. Komatu boma lomwelo lidali ndi dzanja m'munda wa aliyense. Funsani agogo a kuno kunyanja omwe adalima thonje ndi mtedza. Kuyambira mu 1971 msika udali ADMARC basi, mtengo ankadula ndi boma, ndipo mlimi sankayankha. Ubwino wake udalipo, sitingakane: msika unkafika pafupi, sikelo inkadziwika, chimanga chinkapezeka nthawi ya njala. Koma phindu lomwe ADMARC inkapeza pogula motsika kwa alimi ang'onoang'ono, gawo lalikulu linkapita kukakweza ma esiteti a fodya ndi makampani a akuluakulu. Wosauka ndiye ankasonkhera wolemera, ndipo wofunsa ankakagona kundende. Mwendo wa demokalase kudalibe.

Matipate atabwera tidapeza pakamwa, koma tidayamba kusankha atsogoleri potengera kukula kwa lonjezo. Mu 1994 a Bakili Muluzi adathetsa fizi ya ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ine ndine mmodzi wa ana a pulayimale yaulereyo, ndipo popanda iyo sindikadadziwa kulemba zomwe mukuwerengazi. Koma ndikukumbukiranso kuphunzirira pansi pa mtengo, buku limodzi ana asanu, aphunzitsi ena atangotengedwa osapita ku koleji. Lonjezo lidali labwino, makalasi ndi aphunzitsi ndiye adaiwalika powerengera. Nditafika ku yunivesite ndidasiyira panjira chifukwa cha fizi, choncho nkhani ya maphunziro aulere sindiimva ngati nthano.

Za feteleza nazo n'chimodzimodzi. Kudali sitata paki mu 1998, kenako makuponi a a Bingu wa Mutharika kuyambira mu 2005, omwe kwa zaka zingapo adadzazadi nkhokwe. Mu 2020 a Lazarus Chakwera adabwera ndi thumba la K4,495. Chaka chotsatira thumba lomwelo lidafika pa K7,500, mu 2022 n'kukhala K15,000, ndipo chiwerengero cha opindula chidanka chitsika. Chaka chomwecho cha 2022 ADMARC adaitseka kwa kanthawi, antchito ake n'kuwabweza kumudzi. Pa kampeni ya 2025 a Peter Mutharika nawo adalonjeza sekondale yaulere, anthu n'kuwavotera. Chipani chilichonse chomwe chalamulapo chili ndi chaulere chake, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chomwe chidayamba chatiuza kuti msonkho uti ukwera, kapena galimoto za nduna zingati zigulitsidwa, kuti chaulerecho chitheke.

Wina anena kuti ndiye tingosiya zaulerezo, aliyense adzionere yekha ngati momwe a World Bank ndi IMF ankatiuzira m'zaka za m'ma 1980. Ayi ndithu, ine kumeneko sindiliko. Misika itatsegulidwa mu 1987 tidaona mavenda akufika pakhomo ndi sikelo zawo nthawi yomwe mlimi ali pa mphanipani, n'kugula mtedza pa mtengo wolira nawo. Mayi wa pathupi wa kumudzi sangapikisane pa msika ndi munthu wa ku Area 43. Ngakhale mbewu ya mtedza yomwe idatenga dzina la Chitala idafika kwa alimi kudzera mu kafukufuku yemwe boma lidaikapo dzanja, ndipo palibe venda akadawononga zaka zake kuyesa mbewu m'munda kuti mlimi wosauka apindule. Mutu umodzi susenza denga, kusonkherana n'kofunika. Chomwe ndikukana ndi kusonkherana mumdima, pamene chipatala n'chaulere koma dokotala akukulembera kapepala koti ukagule mankhwala ku famase.

Vuto limayambira mkati mwa zipani. Kuno chisankho cha chipulula timachitira aphungu ndi makhansala okha, ndipo nachonso nthawi zambiri chimathera m'madandaulo. Woimira chipani pa upulezidenti amasankhidwa ndi nthumwi zochepa pa msonkhano waukulu wa masiku awiri kapena atatu. Mu 2024 a Chakwera ku MCP ndi a Mutharika ku DPP adadutsa opanda wopikisana nawo. Ku UTM kokha ndiko kudali mpikisano weniweni, pomwe a Dalitso Kabambe adapambana ku Mzuzu, koma nakonso membala wamba wa ku Chitala, Khombedza kapena Thavite adangomvera pa wailesi. Nthumwi zikabwerako timamva za nsalu, malo ogona ndi ndalama za thiransipoti. Za mtengo wa thonje kapena ngongole za boma simumva. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma lonjezo lopanda masamu nalonso ndi mtundu wina wa kugawa komweko, kungoti ndalama zake ndi zathu zomwe.

Tsono pempho langa nali, chisankho cha 2030 chisanayandikire. Zipani zilole membala aliyense wokhala ndi khadi kuvotera yemwe akufuna kuti aimire chipani pa upulezidenti, boma ndi boma. Ofuna mpandowo atsutsane pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka miyezi ingapo chisankhocho chisanachitike. Aliyense wolonjeza chaulere alembe pambali pake mtengo wake ndi komwe ndalama zichokere: msonkho wa ndani, migodi iti, kapena ngongole yomwe adzabweze ana athu. Ngati alipo wokhulupirira kuti boma lizigwira msika wa mbewu ndi kulipirira ana onse sukulu, anene poyera osachita manyazi ndi dzina la sosholizimu. Ngati alipo wokhulupirira kuti zonse zisiyidwe m'manja mwa amalonda, nayenso anene, timumve.

A Chakufwa Chihana, omwe adakulira m'mabungwe a anthu apantchito, adatsika ndege pa 6 Epulo 1992 akudziwa kuti amangidwa, kuti ife lero tizitha kufunsa mafunso opanda kuyang'ana kumbuyo. Ufulu umenewo tikuugwiritsa ntchito povina ndi kulandira matisheti. Safunsa adadya phula, abale anzanga. Akadzabweranso pa bwalo la sukulu ndi zimkuzamawu zawo kudzatiuza za zaulere, tidzayambe tawafunsa kuti alipire ndani, kuwomba m'manja kudzabwere pambuyo.