Gulani Tayala Loyenera Msewu wa Lusaka, Osati Loyenera Thumba Lokha

Ambiri mwa amene amatsiriza maphunziro pa famu yathu ndi kukakhala ku Lusaka amadalira njinga pa ntchito yawo. Ena amasamalira minda m'mayadi a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, ena amakapikula ndiwo zamasamba ku msika wa Soweto mbandakucha, ndipo ena amaweta nkhuku ku Chelstone ndi kukaperekera mazira m'tauni. Kwa anthu otere njinga ndi chida chofanana ndi khasu, ndipo mbali yake imene imawakhumudwitsa kawirikawiri ndi tayala. Maganizo anga ndi akuti munthu woyenda pa njinga tsiku ndi tsiku mu mzinda uno ayenera kugula tayala lolimba ndi lotakata ngakhale mtengo wake utamuwawa, chifukwa lotchipa limadzamulipiritsa kambirimbiri pambuyo pake.

Tiyambe taona msewu umene tayalalo likupondamo. Wochokera ku Chelstone kupita ku Cairo Road amayenda makilomita oposa 10 pa Great East Road. Kupita ndi kubwera masiku 5 pa sabata, ndiye kuti wapyola makilomita 100. Ulendo wonsewo amauyendera m'mphepete, pakuti pakati ndi pa magalimoto ndi maminibasi. Tsono m'mphepetemo ndi mmene mumaunjikana zonse zimene magalimoto amakankha: magalasi a mabotolo osweka, misomali, ndi timawaya tachitsulo tothothoka m'matayala akutha a malole. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands kuli mdani wina, ndiye minga ya nthambi zosadzidwa ku mipanda ya maluwa ndi kutayidwa kunja kwa geti. Wodzera ku Kabwata pa Burma Road nyengo ya dzinja amadziwa kuti madzi amabisa maenje. Kuwonjezera apo, mphira wonyowa umachekeka msanga kuposa wouma, ndipo n'chifukwa chake machubu amabooka kwambiri kuyambira mu Novembala mpaka mvula itatha.

Njinga zambiri zogulidwa zitagwirapo kale ntchito kunja, makamaka zija zamahandulo opindikira pansi, zimabwera ndi matayala opyapyala a mamilimita 23 kapena 25. Matayala amenewo anapangidwira liwiro pa tala wosalala, wopanda katundu. Si a munthu wonyamula mathireyi a mazira. Tayala lopyapyala limakhala ndi mpweya wochepa, motero likagunda m'mbali mwa dzenje, chubu chimapanidwa pakati pa limu ndi mwala n'kubooka timabowo tiwiri toyandikana, tooneka ngati pamene yaluma njoka. Ngati felemu ya njinga yanu ili ndi malo, ikani tayala la mamilimita 28, 32 kapena kuposerapo. Yang'anitsitsani kuti lisakhule pa foloko kapena pa mabuleki.

Chachiwiri ndicho chimene chili mkati mwa tayala. Lolimba limakhala ndi lamba woteteza pansi pa mphira wopondera. Ena amamupanga ndi ulusi wa Kevlar, umene Stephanie Kwolek anautulukira mu 1965 ku kampani ya DuPont, ndipo ndi ulusi womwewo umene amapangira zovala zotchinga zipolopolo. Ena amaika mphira wokhuthala wapadera. Mwachitsanzo tayala la Schwalbe Marathon Plus lili ndi lamba wokhuthala mamilimita 5, kotero kuti kachidutswa ka galasi kamathera momwemo kasanafike pa chubu. Sindikutchula dzinali kuti aliyense alifunefune, pakuti silipezeka m'sitolo iliyonse. Ndikufuna mudziwe chofunsa. Ligwireni tayala ndi manja, finyani pakati pake ndi chala chachikulu, ndipo muyerekeze ndi linzake. Limene likupindika ngati chikwama chakutha lisiyeni.

Chachitatu, dziwani saizi yeniyeni. Apa ambiri amataya ndalama, chifukwa matayala awiri osiyana onse amatchedwa 28. Njinga zakale zija zonyamulira makala ndi matumba a chimanga, ngati za Eagle zimene zinkapangidwa ku Chipata, zimavala 28 x 1½, limene limu yake ndi ya mamilimita 635. Njinga zamakono za pa tala zimavala 700C, limene limu yake ndi ya mamilimita 622. Limodzi silingalowe pa limu ya linzake. Werengani manambala olembedwa pambali pa tayala lanu lakale, monga 32-622 kapena 40-635. Nambala yoyamba ndi kutakata kwake, yachiwiri ndi kukula kwa limu. Alembeni papepala musanapite kukagula.

Ndikudziwa chimene ena anganene: tayala lotere ndi lodula, ndipo munthu wolandira ndalama zochepa sangalikwanitse. Mawu amenewa ndi oona, ndipo sindiwapeputsa. Koma tiwerengere monga timawerengera za mbewu. Mlimi wanzeru safunsa mtengo wa paketi wokha, amafunsanso matumba amene adzakolole. Chubu chikabooka mumalipira womata, ndipo chikachuluka zigamba mumagula china. Tsiku limenelo mwina mumakwera minibasi kawiri, kulowa m'tauni kenaka kutulukamo. Repu wofika pa msika dzuwa litakwera wafota kale ndipo mtengo wake watsika. Wogwira ntchito ya m'munda akachedwa katatu mwezi umodzi, abwana ake safunsanso za minga, amangofunafuna wina. Lembani m'kope zonse zimene tayala lotchipa lakudyerani pa miyezi 3, ndipo muziike pambali pa mtengo wa lolimba. Kopelo lidzakuyankhani.

Ngati ndalama sizikwana awiri, yambani ndi lakumbuyo. Ndilo limasenza thupi lanu ndi katundu wa pa kaliyala, ndilo limatha msanga, ndiponso ndilo lovuta kuchotsa panjira chifukwa cha tcheni. Wosowa ngakhale ndalama imeneyo angathe kudula pakati pa tayala lakutha losalala, kuchotsa waya wa m'mbali, ndi kuliyala mkati mwa tayala lake kuti likhale lamba. Angosalaza m'mphepete mwake kuti lisatibule chubu.

Enanso amati tayala lolimba ndi lolemera ndipo limachedwetsa njinga. N'zoona, limalemererako. Koma mphindi ziwiri kapena zitatu zimene mungataye pakati pa Munali ndi tauni n'zochepa poyerekeza ndi ola limene mumataya mukukankha njinga yodzaza katundu kufunafuna womata.

Komabe, abale ndi alongo, tayala labwino silisamala lokha. Chubu chilichonse chimataya mpweya pang'onopang'ono ngakhale chilibe bowo, ndipo tayala lofewa ndilo limapanidwa m'maenje ndi kutola magalasi. Mlingo wa mpweya walembedwa pambali pa tayala. Popani kamodzi pa sabata. Zunguzani gudumu pang'onopang'ono ndi kuzula tizidutswa tonse takanirira mu mphira, chifukwa galasi limene lidzaboola chubu Lachitatu kawirikawiri linalowa Lolemba. Onaninso kuti tepi ya m'kati mwa limu ikuphimba bwino mitu ya masipoko. Kwa ife osunga Sabata, nthawi yabwino ya ntchito imeneyi ndi Lachisanu masana, tsiku lokonzekera, dzuwa lisanalowe. Njinga ikakonzeka pamodzi ndi zovala ndi chakudya, m'mawa mwake simudzakhala mukumata chigamba pamene anzanu ayamba Sukulu ya Sabata.

Mu mpingo timalankhula kwambiri za ukapitawo, ndipo kawirikawiri timauganizira pa chakhumi ndi zopereka zokha. Koma ndalama zotsalazo nazonso ndi zobwereka kwa Mwini wake, pamodzi ndi nthawi yathu ndi thupi lathu. Tayala lakutsogolo likaphulika pakati pa magalimoto a pa Independence Avenue, nkhani siikhalanso ya chigamba koma ya moyo wa munthu amene ana akumudikira kunyumba. Choncho mwezi uno, musanagule china chilichonse cha pa njinga, gwadani muwerenge manambala a pa tayala lanu lakumbuyo, ndipo muyambe kusunga ndalama ya lolimba.