Mipata ya matailosi simadziyeretsa yokha

Asisi, lero tikambe za kubafa. Inde, kubafa komweko, musaseke.

Nyumba za matailosi zafika paliponse. Kale tinkaziona ku Area 43 ndi ku Area 47, koma lero pa Ntchisi boma, pa Mponela, pa Madisi, munthu akangogulitsa bwino soya kapena fodya amamanga nyumba ya shawa m'kati, matailosi mpaka m'mwamba. Sitikudana nazo ayi, nafenso timazifuna. Chithunzi chimaikidwa pa Facebook, anthu n'kumayamikira bambo amene wamanga. Pakapita miyezi ingapo, timizere toyera ta pakati pa matailosi tija timayamba kuda, ndipo apa dzina la bambo silimvekanso. Apongozi akabwera, alamu akabwera, amakasuzumira kubafa ngati alangizi a zaumoyo, potuluka n'kumanong'onezana kuti mwana wathu anakwatira mkazi wauve.

Timizere timeneti amisiri amati grout. Ndi simenti basi, ndipo simenti imamwa madzi ngati mtsuko watsopano. Thovu la sopo, litsiro la m'thupi, mafuta odzola, zonse zimakakamira m'menemo, ndiye pakakhala chinyezi chosatha chuku chakuda chimamera. Tailosi payokha ndi yoterera, kupukuta kamodzi yayera. Mpatawo ndi umene umafuna munthu agwade ndi mswachi wakale, mzere ndi mzere, kona ndi kona. Ndipo ngati bafalo lilibe windo, kapena mmisiri sanapendeketse pansi kuti madzi azithamangira kupaipi, mukhoza kukwecha mpaka zala kusupuka, pakangopita masiku chabwereranso. Anapulumutsa ndalama pa windo ndi wina, anafulumira kumaliza ntchito ndi wina, koma wauve ndi mkazi. Eti?

Chonsecho m'nyumbamo aliyense amasamba. Zoteteza kuti mipata isade ndi za mphindi ziwiri: ukamaliza kusamba utsukuluze thovu pakhoma, upukute madzi ndi kansalu, usiye windo ndi chitseko zotsegula kuti muume. Mnyamata wa Fomu 2 angathe. Bambo amene Loweruka lililonse amatsuka galimoto mpaka kulowetsa kaburashi m'marimu angathe kwambiri, luso ali nalo kale, timamuona. Kungoti galimoto imaonedwa ndi anzake pamsewu, pamene bafa akuti ndi la amayi.

Bungwe la ILO linanena mu 2018 kuti pa ntchito zosamalira pakhomo zimene sizilipidwa padziko lonse, magawo atatu mwa anayi amagwira ndi akazi. Amayi athu kwa Kalumo ndi kwa Nthondo sanafunike lipoti kuti adziwe zimenezi. Iwo amazira nyumba chogwada, amatunga madzi kumjigo, amawatenthetsa, n'kukawaikira abambo kubafa la udzu. Ife tinapita kusukulu, tinalowa m'tauni, dothi lozirira linasanduka tailosi, kugwada kuja kunatitsata.

Tsopano apa ndi pamene ena mutikwiyire. Ife akazi a m'tauni tikatopa, ambiri sitilimbana ndi amuna athu kapena alongo athu kuti agwire burashi. Timaimba foni kumudzi. Azakhali, tipezereni kamtsikana. Kamtsikanako kamachokera kwa Malomo, kwa Kasakula, ku Mvera, kamakwera minibasi mpaka ku Lilongwe ndi kachikwama kamodzi. Shawa sanasambemo chibadwire. Tsiku lachiwiri timamulozera mabotolo pansi pa sinki, Jik uyu, Harpic uyu, ife n'kuthamangira kuntchito. Malangizo a pabotolo ndi a Chingerezi, timalembo ting'onoting'ono. Palibe amene amamuuza kuti ziwirizi sizisakanizidwa.

Ndiye mtsikana wofuna kusangalatsa madamu amaganiza bwino lomwe: mankhwala awiri amphamvu pamodzi ndiye ayeretsa kwambiri. Mu Jik muli mankhwala a klorini, m'mankhwala ambiri otsukira chimbudzi muli asidi. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa klorini, womwe uja anaphera asilikali ku Ypres mu 1915 pankhondo yoyamba ya padziko lonse. M'kabafa kotseka, nkhope ili pafupi ndi pansi, maso amayamba kuwawa, kukhosi kumapsa, chifuwa chimathina. Viniga naye ndi asidi, chimodzimodzi. Mankhwala okhala ndi ammonia akakumana ndi Jik amatulutsanso mpweya wina woopsa. Zikachitika munthu atuluke panja msangamsanga, mawindo atsegulidwe, ndipo ngati akubanika apite kuchipatala tsiku lomwelo. Madamu akabwera madzulo n'kumva mtsikana akutsokomola, kawirikawiri amangoti ndi chimfine, kapena wayamba ulesi.

Chopweteka n'chakuti asidiyo sathandizanso bafalo. Amadya simenti ya m'mipata, imakumbika, n'kumamwa madzi koposa kale. Burashi yawaya nayo imaipala. Chothandiza n'chotchipa: soda yemwe uja timathira m'therere, mupange kaphala ndi madzi pang'ono, mupake m'mipata, mudikire mphindi 10 kapena 15, mukweche ndi mswachi, mutsukuluze. Pamene pada kwambiri, Jik wosungunula ndi madzi, yekhayekha, windo lili lotsegula, m'manja muli magolovesi. Pamene simenti yang'ambika kapena yagumuka, iyo si ntchito ya mtsikana ayi, itanani mmisiri apale ndi kuthira ina. Magolovesi amenewa mtengo wake sufika pa ndalama imene timawononga kusaluni tsiku limodzi, koma lowani m'nyumba za anzathu muwerenge kuti alipo m'nyumba zingati.

Nanga malipiro? Mu February 2024 boma litakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000 pamwezi, antchito a m'nyumba linawaikira K52,000. Boma lenilenilo kulemba papepala kuti thukuta la m'nyumba ndi lotsika mtengo. Ndipo tisanamizane, alipo ambiri amene ngakhale imeneyo sanaionepo, poti amadya konkuno, amagona konkuno, tinamugulira ndi chitenje pa Khirisimasi. Ena malipiro amatumizidwa kwa makolo kumudzi, mwiniwake osagwirako. Zaka zake sitifunsa dala, chifukwa yankho tikulidziwa. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo Employment Act ya 2000 imaletsa kupatsa munthu wa zaka za pakati pa 14 ndi 18 ntchito yowononga thanzi lake kapena yomulepheretsa sukulu. Ana athu ali pasukulu yolipira, mwana wa mnzathu wa ku Ntchisi ali chogwada ndi mswachi. Ndife omwe timavala malaya a orenji pa masiku 16 olimbana ndi nkhanza.

Tikudziwa yankho lanu: akanakhala kumudzi akanakwatiwa, kuno akuthandizika. Chabwino. Ngati mukumuthandizadi, ali kalasi yanji? Tsiku lake lopuma ndi liti? Akadwala ndi mankhwala a kubafa kwanu, alipira chipatala ndani?

Funso lomalizali ku Joni, kumene asisi athu ambiri akukwecha mabafa a anthu, linafika kukhoti lalikulu. Maria Mahlangu, wantchito wa m'nyumba, anamira mu dziwe losambira la abwana ake mu 2012. Mwana wake Sylvia atafuna chipukutamisozi anauzidwa kuti lamulo la ovulala pantchito silikhudza antchito a m'nyumba. Sanagonje, ndipo mu November 2020 khoti la Constitutional Court linagamula kuti kuwasiya kunja kumeneko n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo. South Africa inavomerezanso mu 2013 pangano la ILO nambala 189, lija linakhazikitsidwa ku Geneva pa 16 June 2011, lonena kuti wantchito wa m'nyumba ali ndi ufulu wopuma tsiku lathunthu pasabata, wodziwa bwino mgwirizano wa ntchito yake, ndi wogwira ntchito malo osaika moyo wake pachiswe. Malawi sanalivomerezebe. A ku Unduna wa Zantchito, ndi aphungu a ku Ntchisi ndi Dowa kumene atsikanawa amachokera, tikufunsa: mukudikira chiyani?

Pamene tikudikira iwowo, usiku uno kalekanitseni mabotolo aja, Jik kwake, wa kuchimbudzi kwake, ndipo mumufotokozere mtsikanayo m'Chichewa chifukwa chake. Loweruka likubwerali mswachi upite m'manja mwa amene amachedwa kwambiri kubafa m'nyumbamo. Mutiuze kuti wayankha chiyani.