Kodi Makolo a ku Chama Azilola Ana Kumwa Mowa Pakhomo?

Boma la Chama, lomwe linabwezeredwa ku chigawo cha Kum'mawa mu Novembala 2021 litakhala zaka khumi m'chigawo cha Muchinga, limadziwika ndi mpunga komanso thonje. Alimi akagulitsa zokolola, ndalama zimayamba kuoneka m'midzi ya kwa Kambombo, kwa Tembwe, kwa Chikwa ndi kwa Chifunda, ndipo m'nyengo yomweyi migolo ya mowa imachuluka pamoto.

Ndi nthawi imeneyi pamene funso lakale limabweranso m'mabanja. Mnyamata wa zaka 15 kapena 16, yemwe walima nawo munda kuyambira mvula yoyamba, aloledwe kulawa mowa pamaso pa makolo ake, kapena adikire kufikira atakula?

Makolo omwe amalola ali ndi chifukwa chawo, ndipo si chopusa. Iwo amati mwana akakanizidwa pakhomo amakamwera kutchire, komwe palibe womuyang'anira, ndiye kuli bwino amwe pang'ono bambo ake akumuona kuti aphunzire polekezera. Maganizo amenewa si a ku Chama kokha. Ku England lamulo silimuletsa kholo kupatsa mowa mwana wa zaka zisanu kapena kuposerapo ali m'nyumba, ngakhale kuti mu 2009 mkulu wa madokotala a boma kumeneko, Sir Liam Donaldson, analangiza kuti mwana asamwe mowa konse asanakwanitse zaka 15.

Maganizowa anayesedwa. Akatswiri a pa University of New South Wales ku Australia, motsogozedwa ndi Pulofesa Richard Mattick, anatsatira ana 1,927 ndi makolo awo kwa zaka zisanu ndi chimodzi, kuyambira anawo ali ndi zaka pafupifupi 12 mpaka atafika 18. Zotsatira zake zinatuluka mu Januwale 2018 m'magazini ya zachipatala ya Lancet Public Health.

Kafukufukuyu sanapeze umboni woti mowa wopatsidwa ndi kholo umateteza mwana. Ana omwe ankalandira mowa kwa makolo awo ankamwa mopitirira muyezo kuposa anzawo omwe sankapatsidwa ndi wina aliyense. Chinanso, mwana yemwe chaka chino wamwa wa kwa makolo okha anali ndi mpata wowirikiza kawiri wokaupezanso kwina chaka chamawa. Kunena mwachidule, chikho cha pakhomo sichinkalowa m'malo mwa chikho cha kutchire. Mwana ankangomwa zonse ziwiri.

Madokotala amafotokoza kuti ubongo wa munthu umapitiriza kukula mpaka zaka za m'ma 20, ndipo mbali yomwe imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zamawa ndiyo imakhwima pomalizira. Mowa umafooketsa mbali yomweyo. Choncho kuuza mwana wa zaka 15 kuti amwe koma adziwe polekezera ndi kumupempha ntchito imene thupi lake silinakonzeke kuigwira.

Komabe Australia si Chama, ndipo kusiyana kwake kumalemera ku mbali ya Chama. Kholo la ku Sydney likamathira vinyo m'tambula, botolo limakhala litalembedwa mphamvu ya mowawo. Kachasu wotchezedwa kuseri kwa nyumba ndi gaga ndi shuga alibe cholembedwa chilichonse. Wotcheza yemweyo sangakuuzeni mphamvu ya botolo loyamba kudontha, lomwe omwa amalitcha mutu, poyerekeza ndi lomaliza. Mawu oti "pang'ono" alibe tanthauzo pamene palibe muyezo.

Kusiyana kwina ndi kwakukulu kuposa pamenepa. M'midzi yambiri mowa subwera pakhomo kuchokera kusitolo, umapangidwira pomwepo. Kwa mayi wamasiye, kapena mayi yemwe munda wake wadyedwa ndi njovu kapena wakokoloka ndi madzi a mtsinje wa Luangwa, kufulula mowa ndi njira yopezera sopo, mchere ndi yunifolomu ya mwana wa sukulu. Pakhomo potere mwana saitanidwa kuti alawe. Iye amatumidwa kutunga madzi a mowa, kusonkhezera moto, kutsuka mabotolo, kuperekera makasitomala ndi kulandira ndalama mayi akapita kumunda. Palibe tsiku limene kholo linakhala pansi n'kugamula kuti mwana ayambe kumwa. Zimangochitika, ndipo kholo limadzazindikira mwana atazolowera kale.

Apa ndi pamene lamulo limaperewera. Lamulo la Liquor Licensing Act la 2011 limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo makhonsolo ndiwo amapereka ziphaso ndi kuyendera malo omwera. Mu Epulo 2012 nduna yoona za maboma ang'onoang'ono pa nthawiyo, Pulofesa Nkandu Luo, inaletsa tujilijili, mowa waukali wa m'timapepala womwe ana a sukulu ankaubisa m'matumba. Malawi analetsanso mowa wotere, ndipo Tanzania inachita chimodzimodzi mu 2017. Mu 2018 dziko la Zambia linakhazikitsa ndondomeko yake ya dziko lonse yokhudza mowa.

Zonsezi zimagwira bwino pa mowa wa m'fakitale ndi pa bala yokhala ndi chitseko ndi chiphaso. Koma Chama ndi boma lalikulu, midzi yake ndi yotalikirana, ndipo mvula ikagwa misewu ina imaduka kwa masabata. Woyendera wa khonsolo sangafike pa khonde lililonse, ndipo ngakhale atafika, sangadziwe ngati mtsikana wanyamula botoloyo akupititsa kwa amalume ake kapena akumwa yekha. Tujilijili atachoka, mowa waukali wotchipa unabwereranso m'timabotolo ting'onoting'ono. Chiletso chinachotsa kapepala, ludzu linatsala.

Pali ena amene amati kukaniza ana mowa ndi nzeru za azungu kapena za mipingo, ndipo makolo athu sankatero. Pamenepa mbiri sikuwavomereza. Anthu a kuno anali ndi malire awo, ndipo malirewo anali mumphika momwemo. Pofulula mowa wa chimera, tsiku loyambirira pamatuluka thobwa, lotsekemera ndi losaledzeretsa, ndipo limeneli ndilo ankamwa ana, amayi oyamwitsa ndi alendo. Wosasa, womwe wagona masiku angapo, unali wa akuluakulu, pa dima, pa maliro, pa ukwati kapena pokumbukira mizimu. Mnyamata wosakwatira akapezeka atakhala pabwalo la mowa pakati pa madoda, ankafunsidwa kuti ndi mwana wa yani, ndipo manyazi ankagwera makolo ake.

Mowa umenewo unalinso ndi nyengo yake. Unkafuna mapira kapena chimanga, nkhuni, ndi masiku pafupifupi asanu ndi awiri, choncho sunkapezeka tsiku lililonse. Chomwe chasintha ndi chakuti mowa wa masiku ano ndi waukali, ndi wotchipa, ndipo ulipo kuyambira m'mawa. Kholo lomwe likupatsa mwana kachasu ponena kuti likutsata mwambo, likutchula mwambo womwe sunamudziwe kachasu wa tsiku ndi tsiku.

Zomwe zili pachiswe zimaoneka msanga kwa atsikana. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 m'Zambia anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Sikuti mowa ndiwo umayambitsa zonsezi, chifukwa umphawi ndi kutalika kwa masukulu zili pomwepo. Koma mtsikana amene akuperekera mowa kwa amuna oledzera mpaka usiku ali pamalo pomwe mphunzitsi aliyense wa kumudzi angakuuzeni mathero ake. Boma linachotsa malipiro a sukulu mu Januwale 2022, ndipo mu 2023 linasintha lamulo la maukwati kuti ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 usavomerezeke ngakhale pa mwambo. Khomo la sukulu ndi lotsegula, koma mwana wogona mochedwa pa mowa safikako ndi mutu wabwino.

Poona zonsezi, yankho la funso lija ndi lakuti ayi, makolo asamupatse mwana mowa, ngakhale pakhomo. Nkhawa yawo yoti akamwera kwina ndi yoona, koma umboni ukusonyeza kuti kumulawitsa sikumutsekera njira ya kwinako.

Dziko la Iceland linayesa njira ina. Mu 1998 ana 42 mwa 100 a zaka 15 ndi 16 ankavomera kuti analedzerapo m'mwezi wapitawo, koma pofika 2016 anatsala asanu okha. Makolo a m'dera limodzi ankagwirizana pa malamulo ofanana, ana ankaletsedwa kuyenda usiku, ndipo boma linaika ndalama m'masewera ndi zoimbaimba. Ndalama za Iceland ku Chama kulibe. Koma mgwirizano wa makolo sufuna ndalama, ndipo ku Chama kuli chomwe Iceland alibe, ndicho nyakwawa yomwe mawu ake amamveka pakhomo lililonse. Mfumu yaikulu Kambombo ndi mafumu anzake amasonkhanitsa Asenga pa mwambo wa Kwenje, ndipo lamulo la pamudzi loti mwana asatumidwe kukagula mowa kapena kuperekera makasitomala lingayambire pabwalo ngati limenelo.

Lamulo lotere lili ndi womupweteka, ndipo ndi mayi wofulula uja. Mukamuchotsera mwana womuthandiza, mwamuchotsera manja, ndipo mukamuletsa kutcheza, mwamuchotsera sopo. Mu 2022 boma linakweza thumba la chitukuko la Constituency Development Fund kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina la ndalamazi ndi lothandiza magulu a amayi ndi achinyamata kuyamba malonda. Mapempho amadzera ku makomiti a chitukuko a m'mawodi, ndipo amafuna gulu lolembetsedwa ndi mafomu odzazidwa. Mayi wa kwa Chifunda amene akutcheza kachasu kuseri kwa nyumba kawirikawiri sakhala m'gulu lotere, ndipo kuti afike ku boma ndi mafomuwo amafunika ndalama ya ulendo yomwe angaipeze pokhapokha atagulitsa mabotolo ena.