Njinga zamoto zikutha penti ikadali kuwala

Pafupifupi pamsika uliwonse, kaya ndi pa Lunzu, pa Lizulu, pa Mponela kapena pa Jenda, pali khumbi pomwe amakaniko amakonzerapo njinga zamoto. Kuseri kwa khumbilo kumakhala mulu wa njinga zomwe zidaima kalekale, zina zopanda matayala, zina adazisolola injini. Chodabwitsa nchoti zambiri mwa izo penti yake ikadali kuwala.

Pamsika womwewo pamadutsa mkulu wina atakwera Yamaha AG kapena Honda XL yomwe idagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zambiri zapitazo. Adaigula ili chiphakasa nkuidzutsa pang'onopang'ono, ndipo Loweruka lililonse amaitsuka, kuimanga manati ndi kumvetsera kaliridwe kake.

Nzoona kuti njinga zakalezo zidapangidwa molimba ndipo mtengo wake udali wokwera kusiyana ndi za ku China ndi ku India zomwe zadzaza m'misewu lero. Koma kusiyana kwakukulu kuli pa kasamalidwe.

Njinga zambiri za kabaza siziyendetsedwa ndi eniake. Banja limagulitsa soya kapena fodya, kugula njinga nkupereka kwa mnyamata kuti madzulo aliwonse azibweretsa ndalama yomwe adapangana. Mnyamatayo akaimitsa njinga kuti ione sevisi, ndalama ya tsikulo siikwana. Mwini wake nayenso amawerenga ndalama, sayang'ana oilo. Paja akuluakulu adati nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka.

Kugwa kwa ndalama ya kwacha kwawonjezera mavuto. Mu May 2022 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Popeza dziko lino silipanga pisitoni, tcheni kapena tayala la njinga yamoto, mitengo ya zipangizo idakwera nthawi yomweyo. Ambiri adayamba kutalikitsa nthawi yosinthira oilo, ndipo mafuta akasowa m'mapampu amathira a m'zigubu, omwe nthawi zina amakhala ndi zitsotso kapena madzi otseka kabuleta.

Komatu apa mpomwe munthu amapulumutsa kwacha imodzi nkutaya zikwi. Injini zing'onozing'ono za 100cc mpaka 150cc zimalowa oilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oilo yemweyo ndiye amafewetsa injini, magiya ndi kilatchi. Akada kapena kuchepa, zitsulo zimayamba kudyana. Fumbi la m'misewu yakumudzi likadutsa pa sefa yampweya yong'ambika limapala pisitoni ndi maringi ngati mchenga, njinga nkuyamba kufuka utsi ndi kutha mphamvu pachitunda. Tcheni youma kapena yokungika kwambiri imadya mano a sipuloketi, pomwe yolendewera imatha kuvuka njinga ili paliwiro.

Phunziro limeneli si lachilendo muno mu Africa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anthu okonda mipikisano ya njinga zamoto, Barry ndi Andrea Coleman a ku Britain pamodzi ndi katswiri wa mipikisanoyi wa ku America Randy Mamola, ankasonkha ndalama zothandizira bungwe la Save the Children. Barry Coleman ndi Mamola atapita ku Somalia adapeza njinga za ogwira ntchito zaumoyo zitangounjikidwa, zikadali zatsopano, chifukwa chosowa sevisi ndi tizipangizo totsika mtengo.

Zimenezo ndizo zidabala bungwe la Riders for Health, lomwe lidafikanso kuno ku Malawi kudzanyamula magazi ndi makhololo oti akayezedwe kuchokera kuzipatala zazing'ono kupita nazo kuzipatala zazikulu. Mfundo yake ndi yachidule: njinga isadikire kufa kuti ione sipanala. Woyendetsa amaphunzitsidwa kuti m'mawa uliwonse asanalize injini aone mafuta, oilo, kakungidwe ka tcheni, manati, mabuleki ndi matayala. Ntchitoyi siitenga nthawi yoposa yomwera tiyi, ndipo siilira digiri.

Nkhaniyi siithera pa ndalama zokha. Madokotala a mafupa m'zipatala zikuluzikulu za dziko lino akhala akudandaula ndi kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu pa ngozi za kabaza. Anthu amaloza chala liwiro, mowa, kusowa kwa ziphaso ndi kusavala zipewa zodzitetezera, ndipo sakunama. Koma buleki yotha ndi tayala losalala sizisankha woyendetsa. Njinga yomwe idapangidwira anthu awiri ikanyamula anthu anayi kapena matumba atatu a chimanga, masipoko amathyoka ndipo mtunda woti iime umatalika.

Apolisi apamsewu angathe kufunsa laisensi, inshuwalansi ndi nambala ya njinga monga lamulo likunenera, koma sangathe kutsegula injini iliyonse kuti aone oilo. Udindo umenewo uli pakhomo.

Mwini njinga ndi woyendetsa ayenera kupangana poyera kuti pa ndalama ya tsiku lililonse, ina ndi ya njinga yeniyeniyo, ndiponso kuti tsiku la sevisi mnyamatayo asalipitsidwe ndalama yonse. Kakope kolembamo tsiku lomwe oilo wasinthidwa ndi kotsika mtengo kuposa pisitoni. Nawo atsogoleri a masiteji a kabaza, omwe amatha kuletsa mlendo kunyamulira pamalo pawo, angathenso kuletsa njinga yopanda mabuleki kunyamula munthu.

Kupanda kutero, mabanja apitiriza kugulitsa zokolola za chaka chonse pogula njinga yomwe mvula yachiwiri isanagwe ikhala ili kuseri kwa khumbi la makaniko.