Akakuuzani kuti m'bale wanu ali ndi shuga, funsani kuti ya mtundu uti

Msuweni wanga wa kwa Chikomeni ali ndi zaka 34. Masiku ano boma lakumeneko ndi Lumezi, koma ife tikali kunena kuti ku Lundazi. Amalima thonje ndi soya, ndipo ndi munthu amene ankakweza thumba la chimanga pangolo osaitana mnzake. Chaka chatha, atangomaliza kukolola, anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe yochokera kumunda. Usiku ankadzuka kasanu kukataya madzi. Nsima ankadya mitanda yambiri kuposa kale, koma pa lamba anali kuboola mabowo atsopano. Pa miyezi iwiri chabe buluku linayamba kugwa.

Mukudziwa mmene nkhani zimayendera kumudzi. Ena anati ndi kachilombo, anakayezetsa, analibe. Ena anati ndi TB, koma sanali kutsokomola. Azakhali athu anati pali wina amene sanakondwe ndi thonje limene anagulitsa. Potsiriza, pa kiliniki ina anamubaya chala, makina anaonetsa nambala yoposa 20, ndipo anamuuza kuti ndi shuga. Anamupatsa mapilisi a metformin ndi glibenclamide, anamuletsa tiyi wotsekemera, namuuza kuti abwerenso pakatha mwezi.

Anandiimbira ndili mu minibasi ya ku Chawama, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ndinati, "Asuweni, musaope. Shuga ni shuga chabe, anthu ambiri ali nayo. Muzimwa mankhwala, nsima muzidya ya mgaiwa." Ndinatumiza kandalama pafoni n'kuiwalako.

Patapita milungu itatu anayamba kusanza, m'mimba mukupweteka, akupuma mozama ngati munthu wathamanga phiri. Anamunyamula pangolo kukafika pamsewu wa Chipata-Lundazi, ndipo pofika kuchipatala sanali kuzindikira mkazi wake. Anamuika madzi m'mitsempha ndi insulin. Atatsitsimuka, dokotala anauza abale kuti thupi lake lasiya kupanga insulin, ndipo mapilisi aja sakanamuthandiza ngakhale akanamwa botolo lonse.

Ndakwiya ndi mawu amene ndinanena ine mwini mu minibasi muja. Shuga si shuga chabe.

Chakudya chimene timadya chimasanduka shuga m'magazi, ndipo kuti shugayo alowe m'minofu n'kutipatsa mphamvu pamafunika insulin, imene imapangidwa m'kapamba. Pa type two, insulin imakhalapo koma thupi siliimvera bwino, ndipo m'kupita kwa zaka imayamba kuchepa. Matendawa amabwera mwakachetechete, munthu angakhale nawo zaka osadziwa. Pa type one nkhani ndi ina: asilikali a m'thupi amaukira tizigawo ta kapamba topanga insulin n'kutiwononga. Metformin nchito yake ndi kuthandiza insulin imene ilipo kale. Glibenclamide amafinya kapamba kuti atulutse yambiri. Kupatsa mapilisi amenewa munthu amene kapamba wake anauma kuli ngati kukama ng'ombe yopanda mkaka. Thupi likasowa insulin limayamba kudya mafuta ake, n'kutulutsa zinthu zotchedwa ma ketone, ndipo zikachuluka magazi amakhala ndi asidi wambiri. Ndiko kusanza kuja, kupuma kuja, kusokonezeka mutu kuja. Munthu angafe pa masiku ochepa.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu wa zaka 34, woonda ngati bango, anapatsidwa mapilisi? Chifukwa tonse, odwala ndi ochiritsa omwe, tinameza chiphunzitso chakuti type one ndi ya ana, type two ndi ya akuluakulu. Munthu akalowa ali ndi ndevu, mlandu watha. Chiphunzitso chimenechi n'chakale ndipo chinagwa. Mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya Exeter ku England anaonetsa kuti mwa anthu a type one amene matendawa anawayamba asanapitirire zaka 60, anthu 42 pa 100 alionse anawayamba atadutsa zaka 30. Chaka chotsatira gulu lomwelo linapeza kuti oposa mmodzi mwa atatu a akuluakulu oterewa sanapatsidwe insulin poyamba, anatengedwa ngati a type two. Theresa May, amene pambuyo pake anakhala nduna yaikulu ya Britain, anapezeka ndi shuga ali ndi zaka zoposa 50, ali kale nduna m'boma. Madokotala anati ndi type two, anamupatsa mapilisi, sanagwire nchito. Atamuyezanso anapeza type one. Ngati zinachitikira nduna ku London, mlimi wa thonje wa kwa Chikomeni angapulumuke bwanji?

Ndikudziwa zimene anzanga a zaumoyo adzayankha, ndipo sakunama. Mwa anthu 10 a shuga, pafupifupi 9 ndi a type two, choncho ukaganiza type two nthawi zambiri ulondola. Pakhonde pali amayi apakati, ana a malungo, wina walumidwa ndi njoka, iwe uli wekha. Mayezedwe enieni osiyanitsa mitundu iwiriyi, a C-peptide amene amaonetsa ngati thupi likali kupanga insulin, ndi a ma antibody onga GAD amene amaonetsa ngati asilikali a m'thupi aukira kapamba, ndi a m'malabu akuluakulu, osati pa kiliniki ya kumudzi. Zonsezi ndavomera. Sindikuloza chala munthu mmodzi amene anagwira nchito ndi zimene anali nazo.

Koma kulondola anthu 9 sikutonthoza maliro a wa nambala 10. Ndipo zolakwa ziwirizi sizilemera mofanana. Ukapatsa insulin munthu wa type two kwa milungu ingapo ukumuyang'anira, pambuyo pake ungamubwezere pa mapilisi. Ukamana insulin munthu wa type one, palibe pambuyo pake.

Komanso si zoona kuti popanda labu palibe chimene tingachite. Mafunso sagula ndalama. Kodi munthuyu ndi wonenepa kapena woonda? Waonda mwadzidzidzi asakufuna? Ludzu ndi kukodza zayamba milungu ingapo yapitayo, kapena ndi nkhani ya zaka? Kwawo kuli makolo ndi azakhali a shuga wa mapilisi? Kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa muli khungu lakuda lokhuthala, limene nthawi zambiri limaloza ku type two? Mabungwe a madokotala a shuga a ku America ndi ku Ulaya anagwirizana mu 2021 kuti munthu wa zaka zosafika 35, wosanenepa, amene waonda, ali ndi ma ketone kapena shuga woposa 20, ayenera kuganiziridwa kuti ndi type one. Msuweni wanga anali ndi pafupifupi zonsezi, zoonekera ndi maso. Ndiye pali kapepala koviika mu mkodzo, kamene kamasintha mtundu ngati muli ma ketone. Sikafuna magetsi, sikafuna firiji, sikatenga ngakhale mphindi zisanu. Dziko limene linakwanitsa kufikitsa zoyezera HIV ndi malungo pa kiliniki iliyonse ya kumudzi silingatiuze kuti kapepala kameneka kalilemera.

Ndipo mawu akuti "mubwere pakatha mwezi" sayenera kuuzidwa munthu woonda amene makina aonetsa 20. Abwerenso pa masiku awiri kapena atatu. Ngati mapilisi sakutsitsa shuga, funso loyamba lisakhale lakuti "mwaba tiyi eti?" Odwala athu timawaimba mlandu msanga. Nthawi zina munthu watsatira zonse, cholakwika ndi dzina limene tinapatsa matenda ake.

Pali chinanso chimene chikusokoneza nkhaniyi kuno kwathu. Mabuku ambiri a shuga analembedwa poona azungu. Mu 2025 panatuluka kafukufuku wa ku Cameroon, Uganda ndi South Africa, wa ana ndi achinyamata amene anauzidwa kuti ali ndi type one. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse analibe ma antibody aja, koma insulin m'thupi mwawo inali yochepa kwambiri. Chaka chomwecho, pamsonkhano wa ku Bangkok, bungwe la International Diabetes Federation linavomereza dzina la type five, shuga wa anthu oonda amene anakula mosowa chakudya chokwanira. Aliponso anthu akuda ambiri amene amafika kuchipatala ali ndi ma ketone ngati a type one, koma pakapita miyezi kapamba amadzuka ndipo dokotala amawachotsa pa insulin. Wina anganene kuti ngati akatswiri akukanganabe, ife tivutikirenji. Ine ndikuona mosiyana. Zimenezi zikusonyeza kuti dzina la tsiku loyamba lisakhale ngati chidindo cha pa NRC, liziyang'anidwanso. Ndipo funso lopulumutsa moyo ndi lalifupi kuposa mikangano yonseyi: kodi munthuyu akufunika insulin lero? Woyankha ndi dokotala amene wayeza, osati wodwala amene wamva bwino n'kuganiza zosiya yekha.

Manje tibwere kwa ife a m'tauni, chifukwa ndife timatumiza ndalama, ndipo wotumiza ndalama mawu ake amamveka kumudzi. Ndife timatumiza mavidiyo a pa WhatsApp onena kuti masamba akutiakuti achotsa shuga pa milungu iwiri. Ndife timagula timabotolo ta pa Facebook topanda dzina la wopanga. Ndipo ndife timanong'oneza kuti, "Musalole jekeseni, mukayamba simudzasiya, amene amabaya ndi amene atsala pang'ono kupita." Inde, wa type one sadzasiya, monga mmene inu simudzasiya kumwa madzi. Insulin isanayambe kugwiritsidwa nchito ku Toronto mu 1922, matendawa anali chiweruzo cha imfa. Kafukufuku wa ku Zambia ndi Mozambique amene anatuluka mu 2005 anayerekeza kuti mwana wopezeka ndi type one kumidzi ya ku Mozambique ankakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 7 chabe, pamene wamkulu wa m'tauni ku Zambia ankatha zaka 27. Matenda amodzimodzi. Kusiyana kunali pa kudziwika msanga ndi kupeza insulin, osati pa masamba.

"Nanga kumudzi kulibe firiji." Izinso ndinazinena. Koma anthu akhala akusunga insulin mu mtsuko wadothi woikidwa pa mchenga wonyowa, pamthunzi, ndipo kafukufuku wa Médecins Sans Frontières ndi yunivesite ya Geneva, wotengera kutentha kwa pa msasa wa Dagahaley ku Kenya, anapeza mu 2021 kuti botolo lotsegula limagwirabe nchito kwa milungu inayi ngakhale kutentha kukusinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Choopsa chenicheni chimene tiyenera kukambirana ndi abale athu ndi njala ya Januwale ndi Febuluwale. Munthu akabaya insulin n'kupita kukapalira osadya, shuga amatsika kwambiri, amanjenjemera, kutuluka thukuta, mwina kukomoka. Ameneyo azikhala ndi switi kapena kashuga m'thumba, ndipo a m'nyumba adziwe chochita. Ngati mukufuna kuthandiza, ndalama yanu ipite pamenepo: chakudya cha miyezi yovuta, makina oyezera ndi timapepala take, ndi ya basi yopitira kukatenga mankhwala.

Tsiku limene foni idzalira kuti amalume kapena achemwali apezeka ndi shuga, musathamangire kunena za mgaiwa monga ndinachitira ine. Funsani kuti makina anaonetsa nambala yanji, aonda bwanji, mkodzo anayeza kapena ayi, ndipo anena kuti ndi ya mtundu uti. Ngati ayamba kusanza, kumva m'mimba kapena kupuma mozama, musadikire kuti kuche.

Msuweni wanga akubaya kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo. Thupi labwerera, chaka chino walima maekala ake onse, ndipo mkazi wake ndiye amathirira mchenga wa pansi pa kamtsuko kuseri kwa chitseko. Nditapita kukamuona anandionetsa kabuku kake ka kuchipatala. Patsamba loyamba, la tsiku lija anabayidwa chala, panalembedwa zilembo ziwiri chabe, DM, popanda nambala kutsogolo kwake.