Ndani akusula osula aphunzitsi?

Chaka chilichonse bungwe la Maneb likatulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, zala zimaloza ife aphunzitsi a m'sekondale, makamaka a m'ma CDSS akumudzi. Makolo, mafumu ndi aphungu onse amafunsa chomwe timachita m'kalasi chaka chonse. Funsoli n'loyenera ndipo sitilithawa. Koma mphunzitsi aliyense amene mumamuona ndi choko m'manja adadutsa m'manja mwa mphunzitsi wina kukoleji. Zomwe amadziwa, momwe amafunsira mafunso, ngakhale momwe amaimira kutsogolo kwa ana, zambiri adazitenga kumeneko. Choncho sabata ino tikambe za aphunzitsi a m'makoleji aja timawatcha malekichala. Kodi iwo amawonjezera luso lawo motani, nanga amakumana kuti ndi anzawo?

Tiyeni titengere chitsanzo pa mzinda wa Blantyre, komwe makoleji adachulukana. Ku Soche kuli Blantyre Teachers Training College yosula aphunzitsi a m'pulayimale komanso Soche Technical College yophunzitsa ntchito zamanja. Pa Ginnery Corner pali MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, ndi Malawi College of Accountancy. Pafupi ndi chipatala cha Gulupu pali KUHeS. Ku Chichiri kuli Malawi College of Distance Education. Kunja pang'ono kwa mzinda kuli koleji ya aphunzitsi ya DAPP ku Chilangoma ndi Catholic University ku Nguludi, osawerengera makoleji omwe si aboma amene akutsegulidwa m'tauni.

Ambiri mwa ophunzitsa m'malo amenewa sakhala ku Namiwawa kapena ku Sunnyside. Amachita lendi kapena adamanga ku Machinjiri, Chilomoni, Bangwe, Zingwangwa ndi Ndirande. M'mawa amapanikizana m'minibasi imodzi, Lamulungu amapemphera tchalitchi chimodzi, pamaliro amakhala pabenchi imodzi. Koma wophunzitsa masamu ku koleji ina akhoza kukhala zaka zisanu moyandikana ndi mnzake wa masamu wa ku koleji ina osafunsanapo ngakhale tsiku limodzi kuti: "Achimwene, mutu uwu inu mumauphunzitsa bwanji?" Nzeru zili khomo ndi khomo, koma sizikuyenderana.

Chimene chikuchititsa kuti nkhaniyi ikhale yofunika ndi katundu amene dziko lakhala likuwasenzetsa anthuwa. M'chaka cha 1994 boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makoleji adauzidwa kuti asule mwachangu aphunzitsi masauzande omwe adalembedwa ntchito asadaphunzire zauphunzitsi, kudzera m'ndondomeko ya MIITEP. Mu 1998 sukulu za MCDE zija zidasanduka ma CDSS, ndipo Domasi College of Education, yomwe idatsegulidwa mu 1993, idayenera kukweza aphunzitsi ambiri a pulayimale kuti akhale ndi dipuloma. Kenako kudabwera ndondomeko ya IPTE, silabasi yatsopano ya sekondale, komanso koleji ya Nalikule mu 2017. Mu March 2020 Covid-19 idatseketsa sukulu zonse, malekichala n'kuuzidwa kuti aziphunzitsa pa intaneti. Mu 2021 University of Malawi idagawidwa patatu, anthu amene anali a nyumba imodzi n'kukhala oyandikana chabe. Pa kusintha kulikonse, wophunzitsa kukoleji amayembekezeka kudzuka m'mawa akudziwa kale zatsopanozo.

Si kuti palibe chikuchitika ayi. Ku Unduna wa Zamaphunziro kuli nthambi ya DTED yoona za kusula aphunzitsi, ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, ndipo pali ndondomeko ya CPD yonena kuti aphunzitsi ndi owasula aziwonjezera luso nthawi zonse. Ena amapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri kapena yachitatu kunja. Vuto ndi loti tidazolowera kuti kuwonjezera luso ndiye kuitanidwa ku hotela ya kunyanja ku Mangochi kapena ku Salima, kukasaina alawansi ndi kulandira satifiketi. Msonkhano wotere umadikira thumba la mabungwe akunja, umatenga anthu ochepa, ndipo nthawi zambiri nkhope zopitako zimakhala zomwezomwezo. Ndalama za pulojekiti zikatha, kuphunzira nakonso kumathera pomwepo. Amene adapita uja akabwerako mafayilo amakawatsekera mu kabati, anzake osamva kanthu.

Pali zifukwa zinanso. Malipiro sakukwana, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, motero ambiri amathamanga ndi maganyu m'makoleji awiri kapena atatu. Munthu wotuluka m'kalasi ku Chichiri n'kukwera kabaza kukagwira kalasi ina ku Limbe sangapeze mpata wokhala pansi ndi mnzake. Kwinaku kuli mtima wa maudindo: wa digiri zitatu amaona ngati n'kudzitsitsa kufunsa wa digiri imodzi, ndipo wa ku yunivesite saganizako zoti mphunzitsi wa ku TTC angamuphunzitse kanthu. Komanso tidakula ndi mantha akuti munthu akakhala kumbuyo kwa kalasi yako ndi kope m'manja ndiye kuti wabwera kudzakupezera zifukwa. Amayi ndiye amatsalira kwambiri, chifukwa zambiri zokhudza mwayi wa maphunziro ndi kafukufuku zimakambidwa madzulo pamalo omwera, pomwe iwo sangakhalepo.

Zotsatira zake timazilandira ndife kumudzi kuno. Aphunzitsi achinyamata amene amabwera ku pulakatisi pasukulu yomwe ndimaphunzitsa amakhala anzeru ndi akhama. Koma ambiri amafika ndi pulani yokonzedwera kalasi ya ana 40, yokhala ndi labotale, magetsi ndi buku la mwana aliyense. Akalowa mu Fomu 1 n'kupeza ana odzaza mpaka pakhomo, mabuku owerengeka, mawindo opanda magalasi, amangoti kakasi. Mapeto ake amayamba kulembetsa manotsi pabolodi kuyambira belu mpaka belu. Ukawafunsa bwinobwino umapeza kuti amene adawaphunzitsa padapita zaka zambiri chilowereni m'kalasi yotere. Sindikuwanyoza aphunzitsi athuwo, ndi iwo adatifikitsa pomwe tilipa. Ndikungoti njira yobwezera uthenga kuchoka kumudzi kupita kukoleji ndi yotsekeka.

Komatu njira yabwino tili nayo kale m'dziko muno. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi akudziwa za SMASSE, yomwe idayamba ku Kenya mu 1998 ndipo idafika kuno mu 2004 ndi thandizo la bungwe la JICA la ku Japan. Mtima wake ndi wosavuta kumva: aphunzitsi amakonzera limodzi phunziro, mmodzi n'kuliphunzitsa anzake akuonerera, kenako onse n'kukambirana pomwe ana adamva ndi pomwe adasokonezeka, n'kulikonzanso. Chomwe chimaunikidwa ndi phunzirolo, munthu sazengedwa mlandu. A pulayimale nawo ali ndi ma TDC m'zoni iliyonse komwe amakumana ndi a PEA, ndipo ife a sekondale tili ndi ma kilasita. Ngati njirazi zikuthandiza ife ophunzitsidwa, zingalephere bwanji kuthandiza otiphunzitsa?

Ndili ndi mapempho anayi. Loyamba lipite kwa malekichala eniake. Muzikumana kamodzi pamwezi, Loweruka m'mawa, potengera phunziro lanu ndi dera lomwe mukukhala. A masamu okhala ku Zingwangwa, Chilobwe ndi Chimwankhunda apemphe chipinda chimodzi pasukulu ya sekondale yapafupi. A Chingerezi ndi Chichewa a ku Ndirande ndi Chilomoni achite chimodzimodzi. Malo otere munthu amafika wapansi, safuna mafuta a galimoto kapena chilolezo cha ku likulu. Anthu amene amakwanitsa kusonkhana sabata ndi sabata pa banki mkhonde sangalephere maola awiri pamwezi pa nkhani ya ntchito yawo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Lachiwiri lipite kwa akuluakulu a makoleji. Ikani pa ndandanda wa teremu nthawi yoti aphunzitsi azionerana pophunzitsa, ndipo aliyense wongolembedwa kumene apatsidwe mkulu womuyang'anira chaka choyamba. Kukhoza bwino digiri ndi kudziwa kuphunzitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Amene watumizidwa kumsonkhano akabwerako aziimirira pamaso pa anzake kufotokoza zomwe wakamva, asadapatsidwe ulendo wina.

Lachitatu ndi lomwe lili pamtima panga. Aliyense wosula aphunzitsi azikhala sabata imodzi pachaka pasukulu yakumudzi, ku Kunthembwe, Neno, Chikwawa kapena Nsanje, akuphunzitsa yekha kalasi yeniyeni. Asabwere ndi fomu yopatsira malikisi ophunzira ake n'kubwerera masana omwewo. Agwire choko, aone momwe mphunzitsi wa kumudzi amasandutsira botolo lapulasitiki ndi zitsekerero kukhala zipangizo za sayansi, zija timati TALULAR. Ifenso tidzapindula ndi zatsopano zomwe iye wawerenga, paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Lachinayi lipite ku Unduna ndi bungwe la NCHE, lomwe limapereka chilolezo ku makoleji ndi mayunivesite. Poyendera koleji musamangowerenga mipando, makompyuta ndi masatifiketi a aphunzitsi. Muzifunsanso kuti aphunzitsi a pano adakumana kangati chaka chino kukambirana za kaphunzitsidwe, ndipo chidasintha n'chiyani. Pokweza anthu pantchito, amene amathandiza anzake ndi kuyendera sukulu zakumudzi ntchito yakeyo iziwerengedwa. Anthu amalimbikira pa chinthu chimene akudziwa kuti mabwana amachiyang'ana.

Wina anena kuti popanda alawansi palibe adzabwere. Mwina oyamba adzakhala anayi kapena asanu okha, ndipo amenewo akwanira kuyamba. Wophunzitsa kukoleji mmodzi amadutsitsa ophunzira mazana m'manja mwake, ndipo aliyense wa iwo amakaima pamaso pa ana masauzande pa moyo wake wonse wa ntchito. Phunziro limodzi likakonzedwa bwino m'chipinda china ku Bangwe Loweruka m'mawa, patapita zaka ziwiri lidzamveka kwa mtsikana wa Fomu 1 ku Chapananga amene sadafikeko ku Blantyre.

Malekichala athu okhala m'makwalala a Blantyre, mnzanu wa phunziro lanu ali tsidya la msewu womwewo. Mugogodereni sabata ino.