Ku Warsaw anabweza nyumba pamodzi ndi anthu okhalamo

Ndimakhala pa lendi, ngati ambiri a inu amene mukuwerenga izi pa foni. Uthenga wa landilodi ukalowa pa WhatsApp, mtima umayamba wagunda ndisanautsegule n'komwe. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya Jolanta Brzeska wa ku Warsaw, likulu la dziko la Poland, yakana kuchoka m'mutu mwanga.

Tiyambe ndi 1945. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Warsaw inali bwinja, chifukwa asilikali a Germany anagumula mbali yaikulu ya mzindawu. Mu Okutobala chaka chimenecho boma lachikomyunizimu linatulutsa lamulo lodziwika ndi dzina la mtsogoleri wake, Bolesław Bierut, lonena kuti malo onse a mumzindamo ndi a khonsolo. Cholinga ankati n'kumanganso mzinda mosavuta. Eni malo analoledwa kupempha kuti apitirize kuwagwiritsa ntchito, koma mapempho ambiri anakanidwa, ena sanayankhidwe n'komwe. M'nyumba zomwe zinatsala, boma linalowetsamo mabanja olipira lendi yochepa. Ana anabadwiramo, kukuliramo, mpaka kukalambiramo.

Chikomyunizimu chitagwa mu 1989, ana ndi zidzukulu za eni ake akale anabwera ndi mapepala awo. Apa sindikutsutsa ayi. Munthu akalandidwa chake ayenera kumvedwa, makamaka tikakumbukira kuti eni ena anali Ayuda omwe mabanja awo anaphedwa ndi a Nazi. Vuto n'lakuti Poland sinakhazikitse lamulo limodzi lomveka la momwe katunduyu abwezedwere. Nyumba ya malamulo inayesa mu 2001, koma Pulezidenti Aleksander Kwaśniewski anakana kusainira. Ndiye nkhani iliyonse inkathera payokha, ku ofesi ya khonsolo kapena ku khoti.

Pamene lamulo lili mbuu, madobadoba sachedwa. Kunabuka anthu omwe bizinesi yawo inali kugula mapepala a umwini kwa okalamba pa mtengo wozizira, n'kukatenga nyumba yonse yosanjikizana pakati pa tauni. Ena ankaimirira eni ake "osowa" omwe, ukawerenga zaka zawo, anali atapitirira 100 kalekale. Zoona, eti?

Ndipo nyumba inkaperekedwa pamodzi ndi anthu okhalamo. Mwini watsopano ankakweza lendi kangapo, kudula madzi kapena magetsi, kuyambitsa ntchito yokonza yosatha, mpaka anthu atatopa n'kusamuka okha. A ku Poland anawapatsa dzina anthu ochita zimenezi: oyeretsa nyumba. Zinyalala zake anali anthu.

Mayi Brzeska ankakhala mumsewu wa Nabielaka, m'dera la Mokotów. Nyumba yawo itabwezedwa, lendi inakwera, ngongole inaunjikana, koma iwo anakana kuchoka. Anathandiza kuyambitsa bungwe la anthu okhala pa lendi mu Warsaw, ndipo ankapita kukaima nawo anzawo omwe ankathamangitsidwa. Mu Malichi 2011 thupi lawo linapezeka litapsa m'nkhalango ya Kabaty. Anali ndi zaka 64. Poyamba ofufuza ankaganizira zoti anadzipha okha. Palibe amene anapezeka wolakwa pa imfayi.

Anzanga ena amati izi ndi zowawa za kusintha basi, msika umakonza wokha. Amaloza nyumba zazitali zagalasi zomwe zazungulira Palace of Culture, chinyumba chomwe Soviet Union inamanga m'ma 1950, n'kumati taonani Warsaw yatukuka. Inde yatukuka, sindikana. Koma amene analanda malo mu 1945 ndi boma. Nanga bwanji ngongole ya boma anailipira ndi agogo opuma pa ntchito, omwe tchimo lawo linali kulandira makiyi kuchokera ku boma lomwelo? Boma likadalipira eni ake ndalama, ngakhale pang'onopang'ono, n'kusiya anthu m'nyumba. Linasankha njira yotchipa kwa ilo.

Chomwe chimandipatsa mphamvu ngati mtolankhani n'chakuti nkhaniyi inaphulika chifukwa cha atolankhani ndi magulu a anthu wamba. Mu 2016 nyuzipepala ya Gazeta Wyborcza inafukula za puloti ya Chmielna 70, pafupi ndi Palace of Culture pomwepo, yomwe inaperekedwa mokayikitsa. Mu 2017 boma linakhazikitsa komiti younikanso zigamulo za khonsolo, ndipo zina zinafafanizidwa. Ndale zinalowererapo, monga mwa nthawi zonse, chifukwa khonsolo inali m'manja mwa chipani chotsutsa.

Lamulo loletsa kubweza nyumba muli anthu a lendi linabwera mu 2020, patatha zaka 31 chikomyunizimu chitagwa, komanso zaka 9 Mayi Brzeska atamwalira. Amene anathamangitsidwa kale ambiri sanabwererenso m'nyumba zawo, ndipo wina akafuna kukhala m'misewu imeneyo lero ayenera kulipira mtengo wa msika.